Mmisiri akagwira tsaya tisamathamangire kunena kuti ndi ulesi

Akonzi,

Ndiloleni kadanga pa tsamba lanu la makalata, nkhani yanga ndi yaitaliko ndithu koma ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali. Ine ndimaphunzitsa zojambula pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Angónia, ndipo chandilembetsa ndi zomwe ndinamva Loweruka lapitali mu chapa pochokera ku Calomue kubwerera ku Ulongue. Amayi awiri kumbuyo kwanga amakambirana za mnyamata wina wa kwawo wokhoma ndowa ndi mbaula, eti wangosiya ntchito, akumangokhala pakhonde dzanja patsaya tsiku lonse, malata ali pomwepo, nyundo ili pomwepo, makasitomala akungobwerera. Wina akuti ndi ulesi umenewo ndalama zamukwana, winayo akuti ayi anakhwimira ntchito ija nde walakwitsa zizimba. Anaseka mpaka kuombana mmanja. Ine mtima unandiwawa, chifukwa mawu omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe, ananenedwa pa achimwene anga zaka zitatu zapitazo.

Achimwene anga ndi kalipentala, ndipo sikuti ndikuwachemerera poti ndi abale anga ayi, zitseko zawo za mlombwa anthu amachita kuzitengera mpaka mu mzinda wa Tete. Mayi athu atatisiya mwezi wa Juni, nthawi yozizira ija ya kuno imene madzi amachita kuluma mmanja, bokosi anakhoma okha usiku wonse, anyamata awo anawabweza kuti pitani mukagone, ndipo matabwa aja anawapala mpaka kusalala ngati tebulo la pabalaza chonsecho aliyense akudziwa kuti mawa lake likwiriridwa mdothi. Titaika maliro, titameta, aliyense anabwerera ku zake, koma iwo ayi. Mmawa amatsegula shedi bwinobwino, pensulo kukhutu monga mwa masiku onse, nkukhala pa chitsa, chitseko cha munthu chili pa benchi chosatha, iwo maso tong'o kukhoma mpaka dzuwa kupendeka. Puleni inachita dzimbiri. Mwini chitseko anabwera kudzalanda ndalama yomwe anaperekeratu, mokalipa anthu akuona, ndiye mphekesera zinayamba, ena ulesi, ena walodzedwa, ena akuti bokosi anakhomeranji yekha usiku pali chimene akudziwa. Alamu anga amachita manyazi ngakhale kupita ku chigayo.

Nthawi imeneyo ndi pamene ndinakumbukira chithunzi china chomwe ndinachiona koyamba ndili ku maphunziro a uphunzitsi, pa ka fotokope kakuda bii kosaoneka bwino, ndipo sindinachilabadire. Ndinachisaka pa foni usiku wina tulo titandisowa, nkumachikulitsa ndi zala kachigawo kachigawo, ndipo ndinapeza kuti ndikuyang'ana achimwene anga. Dzina lake ndi Melencolia I, anachipanga Albrecht Dürer wa mu mzinda wa Nuremberg ku Germany mchaka cha 1514, nyengo ija azungu amaitcha Renaissance. Munthuyu anabadwa 1471 nkumwalira 1528, bambo ake anali osula golide ndipo iye anayamba waphunzira kaye ntchito ya bambo akeyo asanapite kukaphunzira kujambula kwa mmisiri wina Michael Wolgemut. Dürer ndi yemwe uja anajambula chipembere mu 1515 asanachionepo ndi maso, anangomva mbiri ya chipembere chomwe chinafika ku Lisboa kuchokera ku India.

Chithunzichi si cha penti ayi, ndi chozokota. Amatenga chimbale cha mkuwa chosalala, ndi kachitsulo kosongoka konga katchizulo kakang'ono, nkumagoba timizere kamodzikamodzi, pomwe akufuna mdima timizere tothinana, pomwe akufuna kuwala totalikirana, akatha amapaka inki nkupukuta pamwamba kuti inki itsale mtimizere mokhamo, kenako kuika pepala lonyowa pang'ono nkupanikiza pa makina. Zonse amagoba motembenuza ngati mmene chimakhalira chidindo, zilembo ndi manambala omwe, ndipo ukagoba molakwika si nkhani yofufuta ndi labala. Kukula kwake ndi masentimita pafupifupi 24 mulitali ndi 19 mulifupi, kuchepera pepala la A4 lija timalembapo mayeso. Chimbale chimodzi chimatulutsa mapepala ambiri, nchifukwa chake zithunzi zake zimagulitsidwa mmisika, mkazi wake Agnes ndi mayi ake omwe amathandiza kugulitsa.

Tsono chomwe chili pa chithunzipo ndi ichi. Mzimayi wojintcha wa mapiko ngati mngelo wakhala pansi pa mwala, chigongono pa bondo, mutu watsamira pa chibakera, nkhope yada ndi mthunzi. Dzanja linalo lagwira kampasi ija timajambulira zozungulira mu masamu, koma sakujambula kanthu, wangoigwira, ndipo buku lili pa miyendo ndi lotseka. Pansi pali mbwee zida za kalipentala, puleni, sowo, rula, misomali yongomwazika, chapatali nyundo ndi kambiya kosungunulira zitsulo kali pamoto. Pali mpira wosalala, pali chimwala chachikulu chosemedwa ngodya zambiri chomwe akatswiri a masamu mpaka lero amakangana nacho, pali galu wowonda nthiti kuwerengeka wadzipinda wagona. Pakhoma papachikidwa sikelo, kabotolo ka mchenga koyezera nthawi mchenga wake utatsika kale pafupifupi theka, ndi belu amene palibe akumuliza. Makwerero atsamira khomalo palibe akukwera. Kutali kuli nyanja ili bata, utawaleza, ndi nyenyezi yowala ngati ya mchira, ndipo kachilombo konga mleme kakuuluka katatambasula dzina la chithunzicho. Mchiuno mwa mzimayiyo mukulendewera makiyi ndi chikwama, ndipo pa zimenezi Dürer mwini wake analemba penapake kuti kiyi ndi mphamvu, chikwama ndi chuma. Ndiye kuti munthu uyu si wosowa ayi, zida ali nazo, nzeru ali nazo, mapiko omwe ali nawo, koma wagwira njakata.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimauza ana asukulu kuti aziyang'ane asanayankhule. Choyamba maso. Munthu waulesi amasinza, ndipo ojambula akale a ku Ulaya akafuna kuonetsa ulesi amajambula mzimayi atagona tulo pa ntchito yake yopota ulusi, koma uyu maso ake ali gwa, oyera mbee pa nkhope yakuda, akuona chinachake chomwe ife sitikuchiona, ndipo dzanja lili patsaya lija si lofooka, ndi chibakera chokunga. Mutu ukugwira ntchito yoopsa pomwe manja aima. Chachiwiri kamwana. Pambali pake pali kamwana ka mapiko kakhala pa mphero, kakulemba pa kasileti kake mwakhama kosayang'ana kumbali. Kamwanako kakugwira ntchito chifukwa sikanadziwe kuti ntchito ija ndi yovuta bwanji, wamkuluyo waima chifukwa wafika pomwe waona kuti chimene chili mmutu mwake manja sangachifikire. Izi ndimaziona mkalasi chaka ndi chaka, a giredi 8 amajambula mosaopa pepala kudzadza, koma amene ali ndi luso lenileni akamakula ndi amene amayamba kung'amba mapepala awo.

Dzina lija Melencolia likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza ndulu yakuda. Asing'anga akale a kumeneko, kuyambira nthawi ya Hippocrates ndi Galen, amaphunzitsa kuti mthupi la munthu muli timadzi tinayi, magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo kamene kachuluka ndi kamene kamaumba khalidwe la munthuyo. Ife tonse tikudziwa posenda mbuzi mmene timasamalira ndulu kuti isaphulike, ikangophulika nyama yonse imawawa, nde iwo amati munthu wa ndulu yakuda moyo wake wonse umawawa choncho, wokhumudwa, wosakonda anthu, woumira, wosachedwa kupenga. Kwa zaka mazanamazana amenewa ndi amene amaonedwa ngati otsikitsitsa mwa mitundu inayi ya anthu, ndipo amati ali pansi pa nyenyezi ya Saturn, yozizira, youma, yoyenda pang'onopang'ono. Koma panali funso lakale lomwe amati linachokera kwa wanzeru wa Chigiriki Aristotle kapena ophunzira ake, lofunsa kuti bwanji anthu onse opambana pa nzeru, pa ndale, pa ndakatulo ndi pa luso amakhala a ndulu yakuda. Wansembe wina wa ku Florence ku Italy, Marsilio Ficino, amene naye amadziona kuti ndi wa mtundu womwewo, analitola funsoli mu buku lake la 1489 lonena za umoyo wa anthu ophunzira, nkunena kuti Saturn yemweyo amene amapsinja munthu ndi amenenso amamukweza kuti aganize zakuya. Apa ndi pamene chisoni chinayamba kupatsidwa ulemu ku Ulaya. Nambala I ili kumapeto kwa dzina lija ena amaimasulira potengera wolemba wina wa ku Germany, Cornelius Agrippa, amene anagawa vutoli magawo atatu, loyamba nkukhala la amisiri ndi ojambula, anthu oganiza ndi zithunzi mmutu.

Azungu nawonso anali ndi zithumwa zawo, musaone ngati ndi ife tokha. Nkhata ya masamba ili kumutu kwa mzimayiyo akatswiri amati ndi ya zomera za mmadzi, zoti zinyowetse kuuma kwa ndulu yakuda ija. Ndipo pansi pa belu pali kabokosi ka manambala 16, mzere woyamba 16, 3, 2, 13, wachiwiri 5, 10, 11, 8, wachitatu 9, 6, 7, 12, womaliza 4, 15, 14, 1. Owerenga tengani cholembera muonkhetse nokha, chopingasa mupeza 34, chotsika 34, kuchoka ngodya kupita ngodya 34, manambala anayi a mngodya 34, anayi apakati 34. Mzere wapansiwo pakati pali 15 ndi 14, chaka chomwe anachipanga chija. Kabokosi kotere amati ndi ka nyenyezi ya Jupiter ndipo amakhulupirira kuti kamafewetsa ukali wa Saturn. Ndikakalemba pa bolodi kalasi yonse imati zii, ngakhale aja okhala kumbuyo, koma ine chimandikhudza ndi choti pakhoma zonse zikukwanirana ndendende, 34 mbali zonse, pomwe munthu wakhala pansi pakeyo za mumtima mwake sizikuonkhetseka.

Chinanso chomwe sindinkachidziwa pa nthawi ya fotokope ija ndi choti mayi ake a Dürer, a Barbara, anamwalira mwezi wa Meyi chaka chomwecho cha 1514. Amayi amenewa anabereka ana 18 ndipo atatu okha ndi amene anakula, bambo atamwalira mu 1502 patapita kanthawi anadzakhala pakhomo pa mwana wawoyu. Kutatsala miyezi iwiri kuti amwalire iye anawajambula ndi khala ali ndi zaka 63, osawakongoletsa ngakhale pang'ono, masaya olowa, mitsempha ya pakhosi poyera, mphumi makwinya okhaokha, maso otuluka. Paja amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Akatswiri ambiri, monga Erwin Panofsky, amati mzimayi wa mapiko uja ndi Dürer mwini wake, anajambula mzimu wake mmene unalili. Ine nditawerenga za mayi akewo foni ndinaiika pansi kaye, chifukwa ndinaona bokosi lija la achimwene losalala ngati tebulo.

Komatu pano ndisiyane nawo a Ficino ndi anzawo, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa ndikuona achinyamata ena a luso, oimba, ojambula, olemba ndakatulo pa Facebook, ayamba kunyadira kukhumudwa ngati ndi chizindikiro choti iwo ndi apadera, ena mpaka kuthirira ndi kachasu ndi chamba eti nzeru zibwere. Ndulu yakudayo madokotala a lero anapeza kuti kulibe, ndipo Saturn alibe nafe kanthu. Chisoni sichipatsa munthu luso. Luso la achimwene linachokera zaka zomwe anakhala akusesa utuchi ndi kunola tchizulo kwa mmisiri amene anawaphunzitsa, la Dürer linachokera pa benchi ya bambo ake, ali ndi zaka 13 zokha anali atadzijambula kale nkhope yake akuyang'ana pa kalilole ndipo chithunzicho chilipo mpaka lero. Ndipo taganizani, chithunzi ichi choonetsa munthu wolephera kugwira ntchito ndi chimodzi mwa ntchito zolemetsa kwambiri zimene munthu anagwirapo ndi manja, timizere tosawerengeka pa mkuwa, ubweya wa galu, makwinya a diresi, mano a sowo limodzilimodzi. Amene anagoba zimenezi anali atadzuka pa mwala paja. Chaka chomwecho anagobanso chithunzi cha Jerome woyera ali mchipinda mwake akulemba mwamtendere, dzuwa likulowa pa windo, mkango ndi kagalu zili gone pansi, ndiye kuti munthu yemweyo amadziwa masiku a mdima ndi masiku owala omwe. Chimene ine ndikuvomereza ndi chakuti munthu woona zinthu mozama, amene diso lake limaona kupindika kwa thabwa komwe ife sitikuona, imfa ndi kulephera amazionanso mozama choncho, zimamulowa kwambiri, nde akagwa amagwa zolimba. Ameneyo ndi wofunika kumugwira dzanja, osati kumuseka komanso osati kumuombera mmanja kuti pitiriza kuvutika utipangire zokongola.

Achimwene chinawadzutsa si chithunzi ayi, ndisanamize anthu. Ndinawaonetsa ndithu tsiku lina pa foni, anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anangoti misomali imeneyi wina aponda, nkundibwezera foni. Anathandiza kwambiri ndi amalume athu, mkulu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Iwo amabwera pa njinga kawiri pa sabata, osafunsa kuti wadwala chani, osalalikira, kungokhala pa chitsa china mu shedi muja nkumakazinga chimanga pa mbaula, nthawi zina ola lathunthu osalankhulana. Tsiku lina anabwera ndi kampando ka malemu mayi kaja amakhalira posankha nyemba, mwendo umodzi utagwedera, nkungoti mphwanga, aka kakundigwetsa, nkukasiya pakona. Kanakhala pamenepo masabata atatu. Amalume osakatchulanso. Sabata yachinayi tinapeza kakhomedwa, ndipo puleni yachotsedwa dzimbiri. Komanso ndisabise, pakati pa zonsezi achimwene anasiya kudya bwino, tulo osagona, ndipo tsiku lina anauza alamu kuti bola akanangotsatira mayi. Mawu amenewo sitinawatenge mwachibwana, zingwe ndi mankhwala a mbewu tinachotsa pakhomo, ndipo ine ndi amalume tinawaperekeza ku chipatala komwe anaonana ndi wachipatala wodziwa za matenda a maganizo, anacheza nawo maulendo angapo ndi kuwapatsa mankhwala. Zinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti sowo imvekenso pakhomo paja mmawa. Mpaka pano pali masiku ena amene amakhala chete dzanja patsaya, alamu anazolowera amangowaikira tiyi pa benchi, ndipo nthawi zambiri mawa lake ndi pamene amatulukira kapangidwe katsopano ka chitseko.

Kwathu kuno mwana akagwira tsaya timamuchotsa dzanja msanga, timati usatero ngati wamasiye, ndipo ndimamvetsa, palibe kholo lofuna kuona mwana wake ali khuma. Koma wamkulu akagwira tsaya sitimuchotsa dzanja, timamuchotsa ulemu, makamaka akakhala mwamuna, makamakanso akakhala waluso poti luso lake tinali tikulikayikira kale kuti si lachabe. Osema mitondo, oumba mbiya, oluka mphasa ndi nsengwa, matelala a pamsika, osoka nsapato, tonse timadalira manja awo koma za mmitu mwawo sitifunsa. Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti tsamba lanu la za chikhalidwe lizipitako kwa anthu amenewa kukacheza nawo, osangojambula katundu wawo ndi kufunsa mitengo, muziwafunsanso za masiku amene manja amakana, achinyamata amve kuchokera kwa akuluakulu a ntchito kuti zimachitika ndipo zimatha, ndi kuti zikafika posadya ndi posagona kuchipatala kulipo.

Mnyamata wa ndowa uja sindikumudziwa, ngakhale mudzi wake sindinaumve bwino chifukwa cha phokoso la chapa. Koma ngati amayi munali kumbuyo kwanga aja mukuwerenga, kapena wina wakuwerengerani, chonde mayi anga, pezani ndowa yobooka pakhomo panu mumutengere, mukhale naye pakhondepo kanthawi, mumufunse ngati wadya. Akapanda kuikhoma tsiku limenelo musaitenge, isiyeni pomwepo, mudzapitenso sabata yamawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zojambula,
Ulongue, Angónia